Makatani a Chipinda cha Darcy

Tarnow, Saskatchewan
9 Januwale 1984

Wokondedwa Lorne,

Ndikhulupirira unafika bwino ku msasa ndipo chifuwa chija chinakusiya. Kuno tili bwino, kungoti kukuzizira koopsa moti galimoto ikumavuta kulira m'mawa. Undiuze ngati masokosi aubweya aja akukukwana, ndiluke ena. Undiuzenso ngati akukudyetsani zenizeni kapena ndi nyemba za m'chitini zomwe zija.

Koma chimene ndakhalira pansi kuti ndilembe ndi mwana wakoyu. Chichokereni iwe, Darcy sakutsegula makatani a kuchipinda kwake. Usaseke. M'chipindamo muli mdima ngati mosungira mbatata, ndipo fungo la zovala zake za hoke, masewera a pa ayezi aja, limakulandirira pakhomo. Dzuwa la nyengo ino ndi lochepa kale, kutuluka mochedwa, kulowa msanga. Ndiye munthu n'kulitsekeranso kunja?

Loweruka ndinalowamo ndi zovala zochapa n'kukoka katani imodzi. Anadzidzimuka ngati ndamuthira madzi otentha.

"Amayi, tsekani! Tsekani msanga!"

"Iwe wasanduka mleme kodi? Anzako adya kale chakudya chamasana."

"Ndati tsekani. Chonde."

Anali atabisa nkhope m'pilo. Ndinatseka, koma mawu akuti chonde aja sanandichoke m'mutu. Darcy wathu amanena chonde liti?

Lero m'mawa wasanza asanapite kusukulu. Akuti ndi mazira. Mazira omwewo ndadya ine, ndili bwinobwino. Ndikukayikira kuti anyamata a kwa Friesen ayamba kumumwetsa mowa kuseri kwa bwalo la ayezi. Ndinamununkhiza jekete, sindinamve kanthu, koma ana a masiku ano ndi ochenjera.

Ukukumbukira kuti pa 4 Febuluwale kukubwera anthu osankha osewera a timu yaikulu ya mumzinda? A Harder, kochi wawo uja, akuti akubwerera Darcy makamaka. Mwana wakhala akulota zimenezi kuyambira ali ndi mano amkaka, ndipo tsopano pamene zafika ndi pamene wayamba kugona ngati wodwala. Ine akumangondiyankha ndi mapewa. Mlembere mawu awiri, iwe amakumvera.

Ine wako,
Noreen


Ku msasa, kumpoto
13 Januwale 1984

Noreen wanga,

Ndikulemba mothamanga, woyendetsa ndege akumwa khofi ndipo akuti akamaliza kapu akunyamuka. Ndili bwino, chifuwa chatha, masokosi akukwana. Nyemba ndi zomwe zija. Kuno ndi monga ukudziwira, kubowola miyala, kudya, kugona. Ndege ikumabwera Lachiwiri ndi Lachisanu, ndiye uzilemba pafupipafupi. Denga la garaja likupirira chipale chofewa?

Za Darcy ndaseka ndithu, ngakhale unandiletsa. Noreen, mnyamata aliyense wa zaka 16 amasanduka chimbalangondo, kugona nyengo yonse yozizira n'kumalusa ukamudzutsa. Inenso ndinali chimodzimodzi mpaka bambo anga anandizulira chitseko cha chipinda. Ulesi sanyengerera. Uzilowa m'mawa uliwonse n'kutsegula makataniwo mpaka kumapeto. Akatsekanso, uwachotse, ukawabise. Mpweya ndi dzuwa sizinaphepo munthu.

Za mowa sindikukhulupirira, koma ngati n'zoona ndidzathana nazo ndikabwera. Chachikulu asajombe ku zokonzekera za timu. Mwayi ngati uwu subwera kawiri pa tauni ngati yathu.

Mawu awa umuwerengere kapena umupatse awerenge yekha. Darcy, tamvera. Amayi ako akati tsegula, tsegula. Munthu wofuna kusewera pansi pa magetsi a bwalo lalikulu saopa kadzuwa ka pawindo. Dzuka, sesa m'chipindamo, ukawaonetse anthu amenewo kuti ndiwe mwana wa ndani.

Kapu yatha, akundiyang'ana.

Lorne


Tarnow
23 Januwale 1984

Wokondedwa Lorne,

Moni. Kalata yako inafika, denga la garaja lili bwino. Ndikufuna undiyankhe ndi ndege yoyamba, chifukwa ine tulo tandithawa.

Ndinachita zimene unanena. Ndinatsegula, iye anatseka. Ndinatsegulanso, anatsekanso. Lachinayi ali kusukulu ndinawachotsa makataniwo n'kuwabisa m'galimoto. Atabwera anangolunjika kuchipinda. Anatenga bulangete n'kulikhomera pawindo ndi misomali. Ndinalizula. Tinakangana, ndipo anandikalipira ndi mawu amene sindingakulembere. Atatha anandiyang'ana ngati sakudziwa kuti wanena chiyani.

Loweruka m'mawa kunacha bwino, dzuwa likuwala pa chipale chofewa mpaka m'nyumba monse mbee. Ndinapita kukamudzutsa, pabedi palibe munthu. Nsapato zake zili pakhomo, jekete lili pa msomali. Ndinaitana, zii. Ndinayang'ana ku garaja, ndinatsikira kuchipinda chapansi. Ndinakamupeza kubafa. Anagona m'bafa louma, atavala zovala, magetsi atazimitsa, thaulo atadziphimba nalo kumaso.

"Darcy, ukutani muno?"

"Muno mulibe windo."

"Wamwa chiyani? Ndiuze zoona, sindikumenya."

"Palibe. Tsekani chitseko, Amayi, kuwalako kukulowa."

Lorne, ndinakabweza makatani aja ndi manja angawa. Undikhululukire, koma sindikanatha.

Ali ku zokonzekera za timu ndinasecha chipinda chonse. Ndimayembekezera chamba kapena mabotolo. Ndinangopeza timabotolo ta mapiritsi a mutu, topanda kanthu, pansi pa matiresi. Ndi tambiri, Lorne. Ukukumbukira mwana wa kwa Dyck uja, mmene anayambira kudzitsekera, anthu n'kumati ndi ulesi, mpaka tsiku lija anamupeza m'khola atadzipha? Sindikufuna kulemba zambiri. Mfuti yako ndakaisiya kwa achimwene anga.

Ndinamuuza kuti tipite kwa dokotala. Anati ndikamutengera kumeneko masewera asanachitike, sadzandikhululukira mpaka imfa. Ndinapita kwa a Harder. Anandiseka mwaulemu.

"Mayi Pawluk, mwana ali ndi mantha basi. Aliyense amatero anthu akuluakulu akamabwera. Pa ayezi akuchedwa pang'ono, koma tsikulo adzadzuka. Musiyeni, musamuchulukire."

Mwina akunena zoona. Mwina ndine amene ndikumuchulukira. Koma dzulo anaima pakati pa khitchini ndi supuni m'manja n'kundifunsa kuti timasunga kuti masupuni. M'nyumba imene anabadwiramo! Kodi pali mtsikana amene anakuuzapo? Pali chimene anakuuza pa Khrisimasi chimene ine sindikudziwa? Usandibisire.

Noreen


Tarnow
24 Januwale 1984

Adadi,

Muli bwanji kumeneko? Ine ndili bwino. Mwapeza golide kapena mukungoboola dziko la eni?

Ndalandira mawu anu. Sindikuchita ulesi ayi. Auzeni Amayi asiye kundilondalonda. Akuganiza kuti ndikusuta kapena ndapenga. Mutu ndi umene ukumandipweteka basi, makamaka kukawala. Unayamba pa masewera aja a ku Elstow Creek inu mutangochoka, pamene chimnyamata china chinandikankhira ku mpanda wa matabwa. Ndinadzuka ndekha. A Harder anandinunkhizitsa mankhwala otsitsimutsa aja n'kundifunsa dzina langa, ndinalidziwa, ndiye ndinabwereramo. Akuti tinapambana ndipo ndinagoletsa. Ine chigolicho sindikuchikumbukira, koma anzanga akuti chinali chabwino.

Musawauze Amayi zimenezi. Akamva andiletsa kusewera pa 4, ndipo anthu aja sadzabweranso. Zikatha ndidzapuma.

Ndodo yanga ya hoke yayamba kung'aluka, ndingagule ina ku sitolo ya a Wiebe, mudzalipire mukabwera?

Auzeni Amayi asiye kundilondalonda. Mutu ndi umene ukumandipweteka basi, makamaka kukawala. Pepani zilembo zikukhota, mizere ikumayenda ndikamayang'ana pepala.

Muli bwanji kumeneko? Ine ndili bwino.

Mwana wanu,
Darcy


Ku msasa
27 Januwale 1984

Noreen,

Werenga kalatayi mpaka kumapeto, kenako utenge makiyi a galimoto. Darcy asasewere. Asapondenso pa ayezi. Upite naye kwa dokotala lero lomwe, akakana uitane achimwene ako amunyamule.

Si mowa, si chamba, si mtsikana. Anavulala m'mutu. Wandilembera yekha kuti ku Elstow Creek anamumenyetsa ku mpanda ndipo sakukumbukira mmene masewerawo anathera. Wandipempha kuti ndisakuuze. Ndakuuza. Adzandida, palibe kanthu.

Chimene chandiopsa ndi ichi. Lachitatu mnzathu wina, Gilles, anamenyedwa ndi chitsulo cha makina m'mutu. Anadzuka, kuseka, kupitiriza ntchito. Dzulo anayamba kusanza. Lero m'mawa tinamupeza atagona ndi jekete kumaso, akutipempha kuti tizimitse nyali. Anandiitana ndi dzina la mchimwene wake. Wachithandizo choyamba wathu anati magazi angakhale akutuluka m'kati mwa mutu, ndipo munthu wotere akagundidwanso kachiwiri ndiye basi. Ndine ndinagwira mbali imodzi ya machira pomukweza ndege. Ndege yomweyo ndi imene inabweretsa makalata anu awiri, ndipo ndinawatsegula itanyamuka kale.

Noreen, mwanayu walemba mawu omwewo kawiri m'kalata imodzi. Wandipatsa moni poyamba, wandipatsanso pomaliza ngati sanandipatse. Ndipo ine ndinakuuza kuti umuchotsere makatani.

Ndathamangira ku wailesi yotumizira mauthenga kuti a ku ofesi akuimbire foni, koma anali ataweruka, sayankha mpaka Lolemba. Lolemba m'mawa ndikhala woyamba pa wailesipo. Kalatayi inyamuka Lachiwiri, ikupeza masewera asanafike. Makataniwo asiye otseka. Mapiritsi aja umulande. Akagona uzimudzutsa, uzimufunsa dzina lako.

Ndiyankhe msanga, ngakhale mzere umodzi.

Lorne


Ku msasa
2 Febuluwale 1984

Noreen wanga,

Sindikudziwa chifukwa chimene ndikulembera, poti kalata ya Lachisanu ija ikadali m'thumba la makalata pakhomo la khitchini. Ndimaiona nthawi iliyonse ndikamakadya.

Lamlungu kunayamba chimphepo. Chinathyola mlongoti wa wailesi, ndipo waya wake anapita kumene sitikudziwa. Lachiwiri ndege sinabwere. Kunja sungaone dzanja lako. Tamanga chingwe kuchokera kogona kukafika kukhitchini kuti munthu asasochere. Tayesa kudzutsa mlongotiwo kawiri, mphepo ikuugwetsa, ndipo mnzathu wina zala zamuuma.

Ndinauza bwana kuti andibwereke njinga yamoto ya pa chipale chofewa ndipite ndekha mpaka ku msewu. Anandilanda makiyi n'kuwaika m'thumba mwake.

"Lorne, ukafera panjira, ndipo mwana wakoyo uthenga sakaulandirabe. Khala pansi."

Ndinatsala pang'ono kumumenya. Ndikudziwa kuti akunena zoona.

Ndikungoganiza kuti mwina waona wekha. Mwina wapita naye kale. Kenako ndikumakumbukira kuti mawu omaliza amene muli nawo ochokera kwa ine ndi akuti asajombe.

Loweruka, pa 4. Mphepo yachepa koma mitambo ili pansi, ndege singatere. Ino ndi nthawi imene amakhala akumanga zingwe za nsapato zake. Anzanga andisiya ndekha, palibe akuyatsa nyimbo. Sindinapemphere chimwalirireni amayi anga, lero ndapemphera. Noreen, muli kuti?

Lorne


Saskatoon, kuchipatala
6 Febuluwale 1984

Lorne,

Khala pansi. Darcy ali moyo. Ndayamba ndi zimenezi kuti zotsatirazi uwerenge ukupuma.

Sindinalandire yankho lako lililonse. Ndinakwiya nawe sabata yonse, mpaka lero a ku ofesi kwanu andiuza kuti wailesi yanu inafa ndipo ndege sizikutera. Akuti kalatayi aipereka kwa woyendetsa ndege yoyamba. Ndikhulupirira uli bwino ndipo simukuzizidwa.

Loweruka, tsiku la masewera, ndinamuphikira phala ndi mazira. Sanatuluke. Ndinalowa m'chipinda muja, mdima uli bii, iye atakhala m'mphepete mwa bedi akulimbana ndi batani la shati. Dzanja lamanzere limangophonya. Ndinati ndimuthandize, anandikankha.

"Ndili bwino. Mundichedwetsa."

Mawu ake amatuluka olemera ngati a munthu woledzera. Ndinazindikira kuti papita masabata ndisanaone nkhope ya mwana wanga poyera. Amadya chozolika, kapusi ili m'maso, amayenda ndi magalasi akuda. Ndinati m'mtima, kaya andida, lero ndimuona. Ndinapita pawindo n'kukoka makatani onse awiri.

Anakuwa, Lorne. Anafuna kubisa nkhope koma ndinamugwira chibwano. Maso ake sanali ofanana. Kadontho kakuda ka pakati pa diso, kumanzere kanachepa ndi dzuwa monga zimakhalira. Kumanja kanali kakakulu, kosasuntha, ngati diso la mwana wang'ombe uja anatifera chaka chatha.

"Vala jekete. Tikupita."

"Chikwama changa chili kukhitchini."

Ndinachinyamula chikwamacho, ndodo yomwe, kuti akwere galimoto mosavuta. Titafika pa mphambano ndinakhotera kumanja, njira ya kwa dokotala, m'malo mwa kumanzere. Anazindikira.

"Amayi, bwalo lili uko. Amayi! Akundidikira! Mukundiphera moyo wanga!"

Anagwira chiwongolero, galimoto inatsetsereka, tinatsala pang'ono kulowa mu ngalande. Ndinamumenya dzanja. Sindinamumenyepo chiyambire, ukudziwa. Analira ngati kamwana, akundipempha, akulonjeza kuti mawa apita yekha kwa dokotala. Kenako anasiya kulira n'kutsamira pawindo. Ndinamuitana, sanayankhe. Msewu wotsalawo sindikudziwa kuti ndinauyenda bwanji. Ndimangoyendetsa ndi dzanja limodzi, linalo ndikumugwedeza, ndikutchula dzina lake.

Dokotala wa kwathu anangomuunika m'maso kamodzi n'kuitana ambulansi. Kuno anamulowetsa ku opaleshoni tisanamalize n'kulemba dzina lomwe. Akuti magazi akhala akudontha pang'onopang'ono m'kati mwa chigaza kwa masabata, n'kumapanikiza ubongo. Anandifunsa kuti anagundidwa liti. Ine mayi wake sindinadziwe. Mnzake wina wa kwa Friesen ndi amene wandiuza pa foni za ku Elstow Creek. Ndinafunsa dokotala kuti zikanatha bwanji akanasewera. Anati, "Mayi, simukanafika naye kuno."

Anatsitsimuka dzulo. Akundidziwa, akudziwa dzina lake, dzanja lija layamba kugwira kapu. Amumeta mbali imodzi ndipo ali ndi chibandeji chachikulu, usadzadzidzimuke. A Harder anaimba foni, sindinapite kukayankha.

Lero m'mawa anafunsa dokotala kuti abwerera liti pa ayezi. Dokotala anakhala pabedi n'kumuuza zoona, kuti hoke yatha, osati chaka chino chokha. Darcy sanalire. Anandiyang'ana ine, kenako anatembenukira kukhoma. Kuyambira pamenepo sakundiyankhula. Ndikamupatsa madzi akukana, namwino akamupatsa akumwa. Asandiyankhule, Lorne. Ndikhala pampando pano ndizimumva akupuma, zimenezo zandikwanira.

Posachedwapa namwino anabwera kudzamuyeza. Ndinamva akumufunsa motsitsa mawu ngati adadi ake akudziwa, ndiponso ngati akubwera. Ine ndinali pomwepo, koma anafunsa namwino.

Ukwere ndege imene yabweretsa kalatayi.

Noreen